Hilux yakhala pansi kumbuyo mutaikapo camper: ma airbag kapena masipuling'i?

Achimwene, mwati Hilux yanu ya double cab, ya D-4D ija, yakhala pansi kumbuyo chiikireni camper (kanyumba kogonamo koika pabodi kaja), magetsi akuwalira m'mwamba, chiwongolero chapepuka, ndiye mukufunsa ngati mugule ma airbag (matumba a mpweya othandizira masipuling'i akumbuyo) kapena amakaniko angowonjezera leaf imodzi (chitsulo chimodzi cha sipuling'i). Ine ndikuti ndalama zanu zisungeni kaye, choyamba pitani pa weighbridge, sikelo yoyezera magalimoto ija.

Galimotoyo ipakireni ngati mukunyamuka ulendo, mafuta full tank, madzi, filiji, silinda ya gasi, matayala a sipeya, inuyo ndi amayi mukhale momwemo. Yezani yonse, kenaka matayala akumbuyo okha pa sikelo. Manambalawo muwafananize ndi GVM, malire a kulemera kwa galimoto yonse itapakira, yomwe yalembedwa pa kachitsulo ka fakitale kaja, komanso malire a ekiselo yakumbuyo omwe ali m'buku la galimoto. Ma double cab ambiri papepala amati amanyamula cha m'ma 800 mpaka 1,000 kg, koma nambala imeneyo ikuwerengera anthu ndi chilichonse mwamangirirapo, bullbar ndi winch zomwe. Tingoyerekeza camper ndi 400 kg, madzi malita 60 ndi 60 kg basi, anthu awiri 150, batire lachiwiri, zida, zakudya, mupeza kuti mwafika kale m'malire musanaikemo ndi mpando womwe. Ndipo apa mvetsetsani, masipuling'i olimba amakweza galimoto kuti iime bwino koma sasintha GVM ayi. Ekiselo ndi yomweyo, ma bearing ndi omwewo, mabuleki ndi omwewo. Ngati mwapyola, mankhwala ake ndi kutsitsa katundu.

Chinthu china chomwe ambiri sachiganizira ndi pomwe katunduyo wakhala. Pa double cab bodi yake mbali yaikulu ili pamwamba ndi kumbuyo kwa ekiselo. Hilux imeneyi kuchoka tayala lakutsogolo kufika lakumbuyo ndi mamita atatu ndi pang'ono, ndiye 100 kg mukaiika mita imodzi kumbuyo kwa ekiselo, ekiseloyo imamva ngati 132 kg ndipo kutsogolo kumapepuka ndi 32 kg. N'chifukwa chake chiwongolero chanu chikuyandama. Thanki ya madzi, mabatire ndi bokosi la masipanala zisunthireni kufupi ndi cab, pansi penipeni, majerikani ndi sipeya zolendewera kumbuyo zija zichotseni ngati mungathe. Izi n'zaulere koma mumva kusintha tsiku lomwelo.

Tsopano za masipuling'i. Ngati camper imakhala pagalimoto chaka chonse, gulani leaf pack yathunthu yopangira katundu wokhazikika. Old Man Emu ya ARB, Ironman 4x4, Tough Dog, onsewa ali ndi mapaki a Hilux ndipo amalemba kuti iyi ndi ya constant load (katundu wokhazikika) yochuluka mwakuti, mwachitsanzo 300 kg kapena 600 kg, ndiye mumasankha potengera nambala ya pa sikelo ija osati zongoganiza. Ku Joni zimapezeka mosavuta ngati muli ndi wachibale wokutumizirani. Musatenge yolimba kwambiri poganiza kuti ndiye yabwino, mukadzatsitsa camper galimoto izingodumpha kumbuyo ndipo pamsewu wa miyala matayala sagwira pansi bwino. Kuwonjezera leaf imodzi kumathandiza ndithu ngati ndalama zavuta, koma ngati masipuling'i akale aja anatopa kale, anawongoka kapena kupindikira pansi, leaf yatsopanoyo ikhala ikusenza yokha ndipo sichedwa kutopa nayo. Zomenya ndi hamala kapena kutenthetsa pamoto kuti apindikenso ine sindimazikhulupirira pa katundu wotere, zowotcherera leaf yothyoka ndiye musayerekeze n'komwe. Mukasintha, ma U-bolt akhale atsopano ndipo mukawamangitsenso mukayenda makilomita mazana angapo chifukwa amamasuka masipuling'i akakhazikika, ma bush nawonso sinthirani limodzi.

Ma shock musawaiwale. Iwo sanyamula katundu, ntchito yawo ndi kuletsa galimoto kunjanja. Camper imakweza kulemera m'mwamba ndiye pakona kapena lole ikakudutsani mumamva galimoto ikupendama uku ndi uku. Pamsewu wa mabampu ang'onoang'ono ngati wochoka ku Rumphi kukwera ku Nyika, shock yaing'ono imatentha, mafuta ake amachita thovu n'kusiya kugwira. Tengani ma shock aakulu mimba ogwirizana ndi masipuling'i omwe mwagula, kutalika kwake kufanane ndi momwe galimoto yakwerera.

Ma airbag ndiye nkhani yomwe ndimafuna mumve bwino. Si oipa, a Firestone kapena Air Lift amagwira ntchito ndithu makamaka kwa munthu amene amakweza camper pa holide yokha, masiku ena galimoto ili empty. Vuto ndi kuwapopa kwambiri kuti abise kulemera. Leaf spring imagwira chasisi malo awiri, kutsogolo ndi kumbuyo, pomwe airbag imakankha malo amodzi pamwamba pa ekiselo, ndiye katundu akakhala kumbuyo n'kumenya dzenje pa spidi, chasisi chimatha kupindika pakati pa cab ndi bodi. Ku Australia zimenezi zawachitikira ambiri a ma double cab. Ndiye ngati muwaika, akhale ongothandizira masipuling'i abwino, mpweya wochepa wongokwanira kulinganiza galimoto, ndipo mbali iliyonse ikhale ndi paipi yakeyake kuti mpweya usamathawire mbali ina pakona.

Onaninso matayala, pambali pake pali nambala ya load index yonena kulemera komwe tayala lingasenze, 110 ndi 1,060 kg pa tayala limodzi, 112 ndi 1,120 kg, ndipo izi ndi pomwe mwapopa mpweya wokwanira. Olembedwa LT kapena C pambali ndi omwe ali ndi khoma lolimba. Komanso ngati Hilux yanu ndi ija yopanda ABS, kumbuyo kuli valavu ya mabuleki yomwe imayeza momwe galimoto yakhalira pansi. Mukaikweza osasintha kandodo kake, valavu imaona ngati galimoto ilibe katundu n'kuchepetsa mabuleki akumbuyo, zomwe simungafune potsika Chiweta muli ndi banja. Amakaniko auzeni aisete, magetsi akutsogolo nawo awalinganizenso.

Mukabwera ku weighbridge tiponyereni manambala awiri aja pano ndi chithunzi cha masipuling'i galimoto itapakira, tikuthandizani kusankha paki yoyenera.