Utoto woonetsa magetsi a m'maselo umagwira bwanji ntchito?

Mlongo wa ku MUST ku Thyolo, mwafunsa kuti zimatheka bwanji utoto kuonetsa magetsi a m'selo, komanso ngati ndi umene madokotala amabaya odwala mtima. Ndiyambe ndi funso lachiwirilo: ayi. Kuchipatala wodwala mtima amamuyeza ndi ECG, timawaya pachifuwa basi. Utotowu ndi wa mu labu. Amaugwiritsa ntchito pa maselo okulira m'timbale, pa tizidutswa ta ubongo wa mbewa, kapena pa mtima wa kalulu umene auchotsa m'thupi koma ukugundabe.

Selo lililonse lamoyo lili ndi nembanemba yopyapyala zedi, pafupifupi ma nanometer 5 (nanometer ndi gawo limodzi mwa magawo biliyoni a mita). Mkati mwake muli potassium wambiri, kunja kuli sodium wambiri, ndipo mkatimo mumakhala negative. Selo la mtsempha wa ubongo likamapuma limakhala pa -70 mV (mV ndi millivolt, gawo limodzi mwa magawo 1,000 a volt). Uthenga ukamadutsa, timakomo ta sodium timatseguka, voltage imakwera kufika cha m'ma +30 mV n'kutsikanso, zonsezi mu millisecond imodzi kapena ziwiri. Alan Hodgkin ndi Andrew Huxley ndi amene anazifotokoza mu 1952, atalowetsa kawaya mu mtsempha waukulu wa squid, nyama ya m'nyanja yamchere.

Vuto la kawaya ndi loti kamakuuzani za malo amodzi okha. Kumva mphepo utaima pa tsinde limodzi la tiyi n'kosiyana ndi kuima pamtunda ku Satemwa n'kuona mmene ikuweyulira munda wonse, kumene yachokera ndi kumene ikulowera. Lawrence Cohen wa ku Yale ndi anzake anafuna kuona munda wonsewo, ndipo mu 1973 anaonetsa kuti utoto wotchedwa merocyanine 540 umasintha kuwala kwake mtsempha wa squid ukamapereka uthenga. Mu 1976 Guy Salama ndi Martin Morad anachita zomwezo pa mtima wa chule.

Apa ndi pamene ine pamandisangalatsa kwambiri. 70 mV ndi yochepa, batire la tochi lili ndi 1.5 V. Koma gawani 70 mV ija ndi ma nanometer 5, mupeza ma volt pafupifupi 14 miliyoni pa mita. Kamolekyu kalikonse kokhala mu nembanembamo kamaimva mphamvu imeneyi. Utoto ngati di-4-ANEPPS, wopangidwa mu labu ya Leslie Loew ku Connecticut, uli ndi mchira wokonda mafuta umene umazika mu nembanemba, ndi mutu wokonda madzi umene umatsalira kunja. Mukauwalitsira kuwala, ma electron ake amasuntha kuchoka mbali ina kupita ina. Voltage ikasintha, kusunthako kumaphweka kapena kuvuta pang'ono, choncho mtundu wa kuwala kumene utoto ukubweza umasinthanso pang'ono. Molekyu yeniyeniyo siichoka pamalo pake, n'chifukwa chake imayankha msanga kuposa uthenga wa mtsemphawo.

Koma musaganize kuti mudzaona selo likuthwanima ndi maso. Pa 100 mV, kuwala kumasintha ndi pafupifupi 10 peresenti zinthu zikayenda bwino, ndipo mu ubongo wathunthu kumachepa kwambiri kuposa pamenepo. Pamafunika kamera yojambula zithunzi 1,000 pa sekondi ndi kompyuta yosefa phokoso. Mitundu yofiira ndi yabuluu imene mumaona m'mavidiyo a mtima pa YouTube ndi yopakidwa ndi kompyuta.

Palinso gulu lina la utoto wochedwa kuyankha, monga TMRM, JC-1 ndi DiOC6. Umenewu umalowa m'selo n'kuunjikana kumene kuli negative kwambiri, makamaka mu mitochondria (tizigawo ta m'selo topanga mphamvu), mmene voltage imafika -150 mV kapena kupitirira. Sungatsatire uthenga wa mtsempha, koma umaonetsa ngati mitochondria ili ndi moyo. Ife a kuno kumene malungo samatha tizidziwe izi: mu 1997 gulu la Akhil Vaidya linagwiritsa ntchito DiOC6 kuonetsa kuti mankhwala a atovaquone amagwetsa voltage ya mitochondria ya kachilombo ka malungo. Ndi mankhwala omwewo amene ali mu Malarone limodzi ndi proguanil.

Chifukwa chimene saubayira anthu n'chomveka. Utoto wowalitsidwa umatulutsa oxygen woononga amene amapha selo, umazilala msanga, ndipo umadetsa nembanemba iliyonse imene wakumana nayo osasankha. Ofufuza ambiri tsopano amalowetsa gene m'selo kuti lizipanga lokha puloteni yowala yomva voltage. Yoyamba, yotchedwa FlaSh, inatuluka mu 1997.

Ngati mukulemba zimenezi pa assignment, musalembe kuti utoto umapereka nambala ya voltage. Umaonetsa kusintha kwake, malo amene kwayambira ndi liwiro lake. Kuti munene kuti kuwala kwakuti kukutanthauza ma mV angati, mumafunikabe kuika electrode yoyezera magetsi pa selo limodzi, nthawi zambiri ya patch clamp (kachubu kagalasi komata pa nembanemba), n'kufananitsa ziwirizo.