Bwanji bowo la ozoni lili ku Antarctica komwe kulibe mafakitale?

Achemwali ena anditumizira imelo, akukonzekera mayeso a chemistry ndipo akuti mutu wawazungulira. Buku lina likuti ma nitrogen oxide amawononga ozoni (mpweya wa m'mwamba womwe umatitchinjiriza ku cheza choopsa cha dzuwa), lina likuti amapanga ozoni, kenako bowo lenilenilo lili ku Antarctica komwe kulibe fakitale olo imodzi. Akufunsa kuti alembe ziti.

Achemwali, mwanditosa pachilonda. Funso lomweli ndinafunsapo ine ndili ku sekondale, aphunzitsi anangondiyang'ana, n'kusasa choko m'manja, amvekere "zimenezo sizibwera pa mayeso, koperani zili pa bolodizo". Pa bolodipo anajambula dziko, mzere wozungulira pamwamba pake, ndi muvi wochoka pa firiji kukaboola mzerewo, basi nkhani yathera pomwepo. Kalasi yonse inafa nacho chiseko, mnzanga wokhala naye desiki anayamba kunditchula "Bowo" ndipo dzinalo linandikanirira mpaka kumaliza sukulu, ena mpaka lero akandiona amaiwala dzina langa lenileni. Ndinakopera muviwo bwinobwino ndi rula, mayeso ndinakhoza, koma mumtima ndinali ndi mkwiyo chifukwa ndimadziwa kuti funso langa linali lanzeru ndipo yankho lilipo penapake, kungoti munthu wolipidwa kuti alidziwe analibe nalo ntchito.

Yankho lake ndi ili. Ma CFC, mipweya yokhala ndi kolorini ya m'mafiriji akale ndi m'zitini zopopera, sawola msanga, amatha zaka 50 mpaka 100 ali m'mlengalenga, ndiye mphepo imawamwaza dziko lonse, zoti anachokera ku fakitale iti zilibenso ntchito. Akakwera m'mwamba kwambiri cheza cha dzuwa chimawaswa, kolorini n'kutuluka. Koma m'madera ambiri kolorini ameneyu sachita zambiri chifukwa nitrogen dioxide, mmodzi mwa ma nitrogen oxide aja, amamugwira n'kupanga chlorine nitrate, ngati wapolisi woti wamangirira wakuba pa dzanja lake. Ku Antarctica nyengo yozizira dzuwa silituluka kwa miyezi, chimphepo chimazungulira kontinenti yonse osalola mpweya wofunda kulowa, kumazizira kupitirira madigiri 78 pansi pa ziro mpaka mitambo imapangika kumtunda komwe nthawi zonse kumakhala kouma gwa. Pa timadontho ta mitambo imeneyi kolorini amamasuka, nayitirojeni uja amasanduka nitric acid n'kukakamira mumtambomo, timadontho tikalemera timagwa naye pansi. Dzuwa likamabwerera cha mu Seputembala kolorini ali yekhayekha, womugwira palibe, ndipo atomu imodzi yokha imaphwanya mamolekyu a ozoni masauzande ambirimbiri. Pomwe ozoni watsika kufika pansi pa ma Dobson 220 (muyeso wa kuchuluka kwa ozoni) ndi pomwe amati bowo, si kuti pali chiboo chenicheni choti ndege n'kudutsapo ayi.

Anaona bowoli koyamba ndi Joe Farman ndi anzake Brian Gardiner ndi Jonathan Shanklin, pa siteshoni ya Halley ku Antarctica, analengeza mu 1985. Chaka chotsatira Susan Solomon anatsogolera gulu ku siteshoni ina ya McMurdo kukayeza mpweyawo, ndipo maganizo ake oti mitambo ija ndi yomwe imamasula kolorini anapezeka kuti ndi oona.

Ndiye buku lanu loyamba likunama? Ayi. Paul Crutzen anaonetsa mu 1970 kuti ma nitrogen oxide amadya ozoni m'mwambamo, ndipo mu 1995 analandira Nobel limodzi ndi Mario Molina ndi Sherwood Rowland. Lachiwirinso silikunama, pansi pano utsi wa magalimoto ukakumana ndi dzuwa umapangadi ozoni, yemwe amatipweteka m'mapapo. Apa ndiye pomwe ine ndimapsa mtima, chifukwa olemba mabuku amafuna mpweya uliwonse auike m'gulu, uwu wabwino uwu woipa, kuti mwana aloweze mosavuta. Ndi ulesi umenewo, ndipo ndikunenetsa kuti mphunzitsi wophunzitsa ozoni osatchula kuti zikuchitikira pamtunda wanji komanso pozizira bwanji sakuphunzitsa chemistry, akungotayitsa ana nthawi.

Chinanso chomwe chimandisangalatsa, ngakhale simunafunse. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 asayansi pa siteshoni ya Summit ku Greenland komanso ku South Pole anapeza kuti sinoo weniweniyo amatulutsa ma nitrogen oxide. Nitrate yemwe anagwera mu sinoo, dzuwa likawomba amasweka, mpweya n'kukwera, ndipo poti mpweya wa ku South Pole umakhala wodekha sufalikira patali, umaunjikana pafupi ndi pansi mpaka kupanga ozoni pomwepo. Tangoganizani, makilomita 20 kumwamba ozoni akutha, pamwamba pa ayisi akupangika, malo amodzimodzi. Muvi wa pa bolodi uja ungafotokoze zimenezi?

Nanga ku Arctic?

Kumeneko mapiri ndi nyanja zimasokoneza chimphepo chija, sikuzizira mofanana, ndiye ozoni amachepa kwambiri zaka zina zokha monga 2011 ndi 2020. Pangano la Montreal la 1987 lothetsa ma CFC linathandizadi, akatswiri a UN akuti ku Antarctica zidzabwerera mmene zinalili mu 1980 cha m'ma 2066. Koma nitrous oxide, yemwe wambiri wotulutsidwa ndi anthu amachokera ku ulimi, makamaka feteleza, mu panganomo mulibe, ndipo panopa ndi iyeyo amene akutsogola pa mipweya yowononga ozoni yomwe tikutulutsa. Za ameneyu anthu ali chete, aliyense akadali pa firiji.

Pa mayesopo achemwali, yang'anani kaye ngati funso likunena za stratosphere (kumwamba) kapena troposphere (pansi pano). Kumwamba lembani kuti ma nitrogen oxide amawononga ozoni, pansi amapanga. Likatchula Antarctica tchulani kuzizira, mitambo, kuchoka kwa nayitirojeni ndi kubwerera kwa dzuwa, motsatana choncho.