Spotting scope yotchipa koma yogwira ntchito, ndigule iti?

FUNSO: Zikomo akonzi. Ine ndimakonda ulenje ndipo chilolezo ndili nacho, koma mabainokyula anga a 10x42 akumandichepera nyama ikakhala kutsidya kwa chigwa, sindikumatha kudziwa ngati ndi yaimuna kapena yaikazi mpaka nditayenda kamtunda ndithu. Ndikufuna spotting scope, chipangizo cha diso limodzi choonera zinthu zakutali kwambiri, koma m'thumba simuli bwino, za Swarovski ndi Zeiss zija sindingazifike. Ndaona ina yotchipa yolembedwa 25-75x70, anzanga akuti ndiyomweyo poti imakoka kwambiri. Ndigule?

YANKHO: Achimwene, 75 ameneyo asakutengeni mtima, ndi nambala imene imanamiza anthu ambiri ogula koyamba. Manambala oyambawo, 25-75, akunena kuti zumu yake imakuza chinthu ka 25 mpaka ka 75, pomwe 70 ndi kukula kwa galasi lakutsogolo m'mamilimita, ndipo galasi limeneli ndilo limatolera kuwala. Tsono pangani kasamu aka: gawani 70 ndi 75, mupeza kuti kukula kwa kadontho ka kuwala kofika m'diso mwanu sikukwana ndi milimita 1 yomwe, chikhalirecho mwana wadiso kukamada amatseguka mpaka mamilimita 5 kapena 7. Ndiye mbandakucha ndi chisisira, nthawi imene nyama zimayendayenda kwambiri, mukakoka mpaka 75 muzingoona mdima ndi zithunzithunzi basi. Masananso dzuwa likaswa mtengo mpweya wotentha umavinavina pamwamba pa nthaka, mukamawonjezera zumu mukukuzanso kuvinako, nyanga za nyama zimangooneka ngati zili pansi pa madzi. N'chifukwa chake alenje ambiri amathera pakati pa 20 ndi 40.

Ine ndikanakhala inu ndikanasaka ya galasi la 65, monga 16-48x65 kapena 15-45x65. Ndi yopepukirako, imalowa m'chikwama, ndipo pa ndalama zomwezo mumapeza galasi labwino kuposa la chimphona cha 80 kapena 85 chotchipa. Zazikuluzo zimawala bwino inde, koma ndi za munthu woonera pafupi ndi galimoto osati wokwera mapiri.

Pabokosi yang'anani mawu akuti fully multi-coated, kutanthauza kuti magalasi onse anapakidwa mankhwala othandiza kuwala kudutsa, prism yake, galasi lamkati lotembenuza chithunzi kuti chiime bwino, ikhale ya mtundu wa BaK-4, komanso ikhale yosalowa madzi yothiridwa mpweya wa nitrogen kapena argon kuti isamachite nkhungu mkati kukazizira. Bajeti ikalola onjezerani pang'ono mupeze ya galasi la ED, limachepetsa timizere tobiriwira ndi tofiirira timene timaoneka m'mphepete mwa chinthu. Ngati mumavala mandala, eye relief, mtunda umene diso lingatalikire kugalasi loonera n'kumaonabe chithunzi chonse, isachepere mamilimita 15, apo ayi muzingoona kabwalo kakang'ono pakati. Makampani ngati Vortex, Celestron, Bushnell ndi Athlon ali nazo za mtengo wofikirika, ndipo Vortex imadziwika ndi waranti ya moyo wonse.

Koma chimene ndikufuna mugwiritsitse ndi ichi, musathere ndalama zonse pa scope n'kuiwala traipodi, miyendo itatu yoimikapo scope ija. Pa zumu ya 40 kungoigunda ndi chala kapena kamphepo kuwomba, chithunzi chonse chimanjenjemera, ndiye scope yabwino pa timiyendo towonda tomwe amapereka ulere m'bokosi tija ndi kutaya ndalama. Gulani traipodi yolimba ya mutu woyenda mosalala.

Musanalipire itulutseni panja, makamaka madzulo, lozetsani pa chikwangwani chakutali, kwezani zumu pang'onopang'ono muone pamene zilembo zayambira kufufuma, muonenso ngati m'mbali mukuoneka bwino ngati pakati. Mukagula pa intaneti onetsetsani kuti amalola kubweza.

FUNSO: Nanga spotting scope yopindika ndi yowongoka, yabwino ndi iti? Komanso sindingangogwiritsa scope ya pamfuti?

YANKHO: Yowongoka siyivuta kupeza nayo nyama mwachangu komanso poonera pawindo la galimoto kapena kuyang'ana kumunsi. Yopindika, ija poika diso pake panapendekera m'mwamba madigiri 45, siyitopetsa khosi mukakhala nthawi yaitali kapena mukamayang'ana kumtunda, traipodi imakhala yofupika choncho siyigwedera, komanso mutha kusinthana ndi mnzanu wamtali osasuntha kanthu.

Za scope ya pamfutizo chonde ayi. Chilichonse mukuchiyang'ana nayo ndiye kuti mwachilozetsa mfuti, ndipo chimene chikugwedeza tchire kutsidyako mwina ndi munthu. Yambani mwazindikira ndi mabainokyula kapena spotting scope, mfuti ibwere mutatsimikiza.