Mfumu Neptune ndi nsomba yopsompsona: mafunso anu pa za mwambo wodutsa ikweta

Mwana wanga akugwira ntchito kukhitchini m'sitima yaikulu yonyamula anthu okaona maiko. Wanditumizira chithunzi ali mbuu ndi ufa, mazira ali chuchuchu m'mutu, akupsompsona chinsomba pamaso pa bambo wandevu wovala chisoti chachifumu. Akuti "wavinidwa" podutsa ikweta. Kodi si zamizimu ya m'madzi zimenezi? — Mayi odandaula, Blantyre

Mtima m'malo, mayi. Bambo wandevuyo ndi mnzake wapantchito, ndipo ndevuzo n'zomata. Akusewera ngati Neptune, amene Aroma akale ankamutcha mulungu wa nyanja, koma palibe amene amamupembedza pamenepo. Ndi sewero la amalinyero lolandira munthu amene akudutsa koyamba ikweta, mzere wongoganizira uja wodula dziko pakati, kumpoto ndi kumwera. Amene sanadutsepo amamutcha pollywog, kutanthauza mbululu, mwana wa chule. Akatha mwambowo amakhala shellback, wachigoba kumsana ngati kamba. Mwana wanuyo sanalakwitse ponena kuti wavinidwa.

Kale zinali zoliritsa. Pa 17 February 1832, wasayansi Charles Darwin ali pa sitima ya HMS Beagle anali mmodzi mwa anamwali 32. Anamumanga nsalu m'maso, kumupaka phula ndi penti kumaso, "kumumeta" ndi chitsulo chokakala, kenako kumugwetsera m'thanga lodzadza madzi. Mu 1768, pa sitima ya Endeavour ya kaputeni James Cook, munthu ankamangidwa chingwe n'kumizidwa m'nyanja katatu, pokhapokha atadziwombola ndi mowa. Joseph Banks, wasayansi amene anali m'sitimayo, analipira bulande kuti iye, antchito ake ndi agalu ake omwe asamizidwe. Ngakhale Franklin Roosevelt, ali pulezidenti wa America, anazengedwa mlandu kwa Neptune mu 1936 pa sitima yankhondo ya USS Indianapolis. Asilikali apamadzi a maiko ena anafika pomenyana ndi kuzunzana, mpaka akuluakulu awo anaika malamulo oletsa nkhanza. Zimene mwaona pachithunzizo ndi zotsalira chabe za mwambowo, mano anazulidwa.

Ine ndi akazi anga tikukwera sitima ku Cape Town kupita ku Ulaya. Tsikulo zimayenda bwanji, ndipo kodi n'zokakamiza? — Bambo a ku Johannesburg

N'zosakakamiza, bambo. Ndandanda ya zochitika imene mumaipeza kuchipinda madzulo imanena nthawi, ndipo ofuna kuvinidwa amalembetsa okha. Malo amakhala ochepa, choncho lembetsani msanga. Ena onse amaonera.

Mwambo umachitikira padziwe losambira pamwamba pa sitima, nthawi zambiri chakumasana, ndipo sukonda kupitirira ola limodzi. Neptune amalowa ndi mkondo wake wa mano atatu, pambali pake mfumukazi Amphitrite (kawirikawiri ndi mwamuna wovala wigi, ndipo m'pamene anthu amayambira kuseka), woweruza, dokotala wabodza ndi asilikali. Kaputeni amapempha chilolezo choti sitima idutse m'dziko la mfumuyo. Kenako anamwali amawerengeredwa milandu yopeka: kubwereza chakudya katatu, kusungitsa mpando wa padziwe ndi thaulo tsiku lonse. Palibe amene amawina mlandu. Chilango n'kugwada, kupsompsona nsomba yaiwisi, kupakidwa mazira, ufa, sipageti wozizira ndi kirimu wamitundumitundu, n'kukankhiridwa m'dziwe. Pambuyo pake mumalandira satifiketi yolembedwa dzina la sitima ndi tsiku, ndipo sitima zambiri zimapatsa aliyense amene anali m'ulendowo, ngakhale oonera okha. Isungeni, ndiyo umboni wanu ulendo wina.

Zimene zimavuta n'zing'onozing'ono koma zimawawa. Choyamba n'dzuwa. Pa ikweta masana limakhala pafupifupi pamutu penipeni, ndipo kamphepo ka panyanja kamakunamizani kuti sikukutentha. Khungu lakuda nalo limapsa, makamaka mapewa ndi dazi. Dzolani mafuta oteteza kudzuwa mphindi 20 musanatuluke, valani chipewa, imwani madzi. Chachiwiri n'kuterereka: dzira ndi kirimu pa matabwa onyowa zili ngati therere, ndipo ambiri amagwa pothamangira m'dziwe. Yendani pang'onopang'ono. Magalasi, wotchi, foni ndi makina othandiza kumva siyirani amayi ngati iwo akungoonera. Valani malaya oti simudandaula nawo, chifukwa utoto wa m'kirimu suchoka bwino pa nsalu yoyera. Ndipo musayambe ndi madzi otentha posamba: dzira limapsa n'kumatirira m'tsitsi. Yambani ndi ozizira. Amene thupi lake limadana ndi mazira, mkaka, tirigu kapena nsomba anene polembetsa, asadikire kuti afike pamaso pa mfumu. Dziwe limatsekedwa kwa maola angapo kuti alikhuthule ndi kulitsuka, ndiye masana amenewo musawerengere zosambira.

Akuti mzerewo umaoneka pamadzi ndipo sitima imadumpha pang'ono poudutsa. Zoona? — Mphunzitsi, Mzuzu

Akunamizani, aphunzitsi, ndipo bodzalo n'lakale. Amalinyero ankamata tsitsi limodzi pagalasi loonera kutali n'kupatsa mlendo kuti aone "mzere". Nazonso zoti madzi a m'sinki amasintha kozungulira mukangodutsa n'zamasewera. M'kabeseni kotero chimalamula ndi maumbidwe ake ndi mmene mwathirira madziwo.

Chimene mungaone ndi manambala. Wailesi yakanema ya kuchipinda imaonetsa pamene sitima ili, m'madigiri. Digiri imodzi ili ndi timagawo 60, ndipo kagawo kamodzi ndi mailo imodzi yapanyanja, mamita 1,852. Ikamaonetsa 00°20'S, sitima ikulunjika kumpoto paliwiro la mailo 20 zapanyanja pa ola, kwatsala ola limodzi. Ikafika pa 00°00', chilembo S (kumwera) chimasanduka N (kumpoto). Nthawi zina zimenezi zimachitika pakati pa usiku anthu ali mtulo, mwambo n'kuchitika masana ake.

Ndakwera Ilala kambirimbiri. Kodi ndingadzitche shellback? — Wowerenga, Nkhata Bay

Ayi, achimwene. Nyanja ya Malawi yonse ili kumwera, nsonga yake yakumpoto ili madigiri oposa 9 kuchokera pa ikweta, makilomita oposa 1,000. Ndege nayonso amalinyero saiwerengera. Muyenera kudutsa pamadzi, monga pa ulendo wa Cape Town kupita ku Southampton, kapena Singapore kupita ku Bali. Ndipo ma shellback nawo amasiyana maudindo. Wodutsa pamene ikweta imakumana ndi mzere wa madigiri 180 m'nyanja ya Pacific amatchedwa Golden Shellback. Wodutsa pamene imakumana ndi mzere wa Greenwich (wa madigiri 0, wodutsa ku London), makilomita pafupifupi 600 kumwera kwa Ghana, amatchedwa Emerald Shellback, ndipo ameneyu ndi wosowa, chifukwa kaputeni amayenera kupatuka dala panjira kuti sitima iponde pamalopo.