Tigeti totchinga ana: yezani mpata musanatchule mtengo

Funso: Ndine kalipentala, shedi yanga ili pa Kamuzu Road kuno ku Salima. Chaka chatha mayi wina anandipempha kuti ndimukhomere kageti ka pakhomo la khitchini chifukwa mwana wake wokwawa ankalondola mbaula. Anzake ataona anayamba kubwera. Pano mwini loji ina ku Senga Bay akufuna tigeti 6 ta pamasitepe, koma wafunsa ngati ndi tovomerezeka. Amavomereza ndani? Nanga zimenezi sizindidyera phindu?

Yankho: Bambo, mwini lojiyo wakufunsani funso labwino, musamuone ngati wovuta. Tebulo likapendama, mwini wake amangoika kapepala kunsi kwa mwendo. Kageti kakalakwika, wovulala ndi mwana wa munthu.

Ndiyambe ndi mpata wa pakati pa timatabwa, chifukwa ambiri amagwa pamenepa. Mwana wamng'ono mutu wake ndi waukulu poyerekeza ndi thupi. Amalowetsa miyendo, chiuno n'kudutsa, mutu n'kukanirira, khosi n'kutsala pathabwa. N'chifukwa chake ku America mpata wa timatabwa ta bedi la khanda saulola kupitirira masentimita 6. Inunso tengani muyezo womwewo. Dulani kachidutswa ka thabwa ka masentimita 6, kabooleni, kamangeni chingwe, kazikhala pakhoma la shedi. Kakalowa pampata uliwonse, ngakhale wa pansi pa geti kapena wa pambali pa felemu, getiyo isachoke pashedi. Mnyamata wokuthandizani asamayeze ndi zala, poti zala za anthu sizifanana.

Timatabwa tiime chilili. Topingasa pakati ndi makwerero, mwana wa chaka ndi theka akwera ngati pusi. Ndikudziwa kuti makasitomala ena amafuna zokongoletsa, timadayamondi ndi mano a macheka pamwamba. Akanizeni mwaulemu. Ku America komweko mageti akale opindika, okhala ndi mipata yonga chilembo V pamwamba, anapha ana powapana khosi, ndipo anasiya kuwapanga cha m'ma 1985. Lero malamulo awo, omwe amatsatira muyezo wa ASTM F1004, amakhudza mageti a ana a miyezi 6 mpaka 24, ndipo geti siyenera kufupika kuposa masentimita pafupifupi 56. Ku Ulaya muyezo wake ndi EN 1930. Ine ndikanati muzipanga a masentimita 75, thabwa lowonjezeralo silingakugwetseni.

Pamasitepe pali nkhani inanso. Mageti ena obwera kuchokera kunja amangokanikiza makoma awiri popanda kubowola. Amenewo pamwamba pa masitepe ayi. A kulojiko muwamange ndi masikuluwu m'khoma, ndipo azitsegukira kumtunda, osati kumene kuli masitepe. Mukakhoma, kankhani ndi bondo mwamphamvu. Loko ikhale yofuna zinthu ziwiri, kunyamula ndi kukoka, yoti wamkulu atsegula ndi dzanja limodzi koma mwana alephera. Kashata wamba ka pazenera mwana amakaphunzira pa sabata imodzi.

Kenako penti. Mwana amaluma thabwa la pamwamba, makamaka mano akamamera. Penti wina wamafuta amakhala ndi mtovu, womwe umawononga ubongo wa mwana mwakachetechete, ndipo malire omwe mayiko ambiri akutsatira ndi 90 ppm, kutanthauza magawo 90 a mtovu pa magawo miliyoni imodzi a penti. Gulani penti wa m'chitini cholembedwa bwino kuti alibe mtovu, osati woyezedwa m'mabotolo pamsika, ndipo sungani lisiti. Matabwa opakidwa oyilo wakuda pothamangitsa chiswe asayandikire ntchito imeneyi. Chinyontho cha kunyanja chimadyetsa mahinjesi dzimbiri msanga, choncho musaumire pamenepo.

Za mapepala n'zachidule. Woona za miyezo ya katundu m'dziko muno ndi Malawi Bureau of Standards, yomwe inakhazikitsidwa mu 1972. Likulu lake lili ku Blantyre, koma inu ofesi ya ku Lilongwe ndiyo ili pafupi. Nyamulani geti imodzi, mukafunse muyezo womwe angayezere, ndalama zake ndi nthawi yomwe zimatenga, ndipo yankho akupatseni polemba. Chizindikiro chawo musachijambule pakatundu asanakupatseni chilolezo. Dziwaninso kuti lamulo loteteza ogula la mu 2003 limapatsa kasitomala ufulu wolandira katundu wosaika moyo pachiswe, ndi wodandaula akavulazidwa, ndipo madandaulo otere amafika ku Competition and Fair Trading Commission, bungwe loona za chilungamo pa malonda. Lembetsani bizinesi ku boma, mutenge TPIN, nambala yolipirira msonkho, ku MRA. Maloji ndi sukulu za mkombaphala zokhazikika zimafuna lisiti yooneka.

Tsopano phindu lomwe mukuda nalo nkhawa. Mpata ukachepa, pakhomo la masentimita 80 palowa timatabwa tiwiri kapena titatu towonjezera. Onjezani loko yabwino, penti, sandipepa, thiransipoti ya ku Senga Bay ndi tsiku lanu lokakhoma. Zonsezi zilowe mumtengo, ndipo pakotesheni muzilembe padera kuti mwini loji aone chomwe akulipira. Wina akakuuzani kuti mnzanu wa tsidya la msewu akutchipitsa, tulutsani kachidutswa kanu kaja, mumuonetse pageti.

Kukhomako musasiyire mlonda wa paloji, pitani nokha. Mukamaliza, siyani kapepala konena kuti getiyo ndi ya ana osapitirira zaka ziwiri, kuti masikuluwu aziwaona mwezi uliwonse, komanso kuti geti silowa m'malo mwa diso la mayi kapena mlezi. Mwini loji asaine makope awiri, imodzi mubwere nayo ku shedi.