Ndapangitsa alignment kawiri, bwanji matayala akudyekabe?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa bambo wina wa ku Chibavi amene amayendetsa Sienta pakati pa Mzuzu ndi Nkhata Bay. Akuti matayala akutsogolo akudyeka mbali yamkati mpaka waya kuonekera, pomwe kunja akadali ndi mano. Galimoto ikukokera kumanzere, ndipo akafika pa liwiro la 90 chiwongolero chimanjenjemera. Apangitsa alignment kawiri m'miyezi itatu koma palibe chasintha. Funso lawo ndi lakuti: kodi akuwabera, kapena galimotoyo yangotha?

Bambo, galimoto yanu sinathe ayi. Chimene ndikuona ine n'chakuti mukupangitsa alignment pa zitsulo zogwedera, ndipo ndalama yoteroyo imangolowa m'madzi. Komanso mwatchula matenda atatu, ndipo n'kutheka kuti aliwonse ali ndi gwero lakelake.

Poyamba tigwirizane kuti alignment n'chiyani. Tayala silimangiriridwa pagalimoto mwachisawawa, lili ndi kaimidwe kake kamene anakonza opanga. Amakaniko amayang'ana zinthu zitatu. Toe ndi mmene matayala awiri akutsogolo alozera mukawayang'ana kuchokera pamwamba: imani, muyang'ane mapazi anu, zala zikhoza kuloza mkati kapena kunja. Camber ndi kupendekeka kwa tayala mukaima kutsogolo kwa galimoto, kaya mutu wake wagonera mkati kapena kunja. Caster simungaione ndi maso mosavuta, koma ndi imene imathandiza chiwongolero kubwerera chokha pakati mukamaliza kukhota.

Pa zitatuzi, chimene chimamaliza matayala msanga ndi toe. Tayala likapatuka ndi digiri imodzi yokha, pa kilomita iliyonse limakhala ngati lakhwekhwerezedwa cham'mbali mamita 17. Kuchoka ku Mzuzu kufika ku Nkhata Bay ndi makilomita pafupifupi 50, ndiye kuti ulendo umodzi tayalalo lapalidwa pa phula mamita opitirira 800. Inu mumapita ndi kubwerera kangati pa tsiku? Yesani izi madzulo ano: sisitani tayalalo ndi chikhatho mopingasa, kuchoka kunja kupita mkati, kenako mubwerere. Mukamva kuti mbali imodzi ndi yosalala koma pobwerera mano akukukwalani ngati sowo, imeneyo ndi toe. Ngati mkati mwangodyeka mosalala, ganizirani camber.

Tsopano nkhani yaikulu. Pa makina a alignment, makaniko amatembenuza tie rod, kachitsulo kolumikiza chiwongolero ndi tayala, mpaka manambala pa kompyuta asanduke obiriwira. Galimoto pamenepo yaima chilili. Koma ngati mutu wa tie rod unatha, kapena ball joint ikugwedera (mfundo yolumikiza tayala ndi control arm, mkono wachitsulo wogwira tayala cham'munsi), kapena mabushi a labala a control arm anang'ambika, tayala limasuntha lokha mukangoyamba kuyenda. Manambala obiriwira aja amathera pa geti pomwepo, pa hampu yoyamba. Makaniko wabwino amayamba wagwedeza zonse, ndipo akapeza chogwedera amakana kupanga alignment. Amene angokweza galimoto pa makina osagwira kalikonse, ine sindibwererako.

Zinandichitikira ndi kagalimoto kanga ka Vitz. Ndinagwera m'dzenje lodzaza madzi usiku wina mvula ikugwa, ndipo mukudziwa mmene mvula ya kuno imabisira maenje. Ndinapangitsa alignment pa galaja ina, koma patangotha masabata ochepa tayala latsopano linali litayamba kudyeka. Mkulu wina wokonza magalimoto anaikweza pa jeke, n'kundiuza kuti ndigwire tayala dzanja lina kutsogolo lina kumbuyo, ndiligwedeze. Ndinamva "go, go" m'manja mwanga momwe. Atandionetsa pansi, kalabala kophimba mutu wa tie rod kanali kong'ambika, girizi yense atatuluka, m'malo mwake muli dothi lofiira louma. Kachitsulo kakang'ono choncho n'kamene kanandidyera tayala.

Inunso mukhoza kuyesa zomwezo, bola galimoto ikhale pamalo athyathyathya, matayala akumbuyo mutawatsekera ndi miyala, ndipo musalowe pansi pa galimoto yongodalira jeke. Kugwedera kwa mbali ndi mbali nthawi zambiri ndi tie rod kapena rack end, mbali yamkati ya tie rod. Mukagwira pamwamba ndi pansi n'kumva kugwedera, ganizirani ball joint kapena bearing. Ball joint musaichedwetse ngakhale tsiku limodzi. Ikazuka, tayala limagona pansi pa galimoto ndipo chiwongolero sichigwiranso ntchito. Ganizirani zimenezo zikuchitikirani pa makona otsetsereka opita kunyanja muli ndi anthu m'galimoto.

Mashoko nawo muwaone. Ngati pa thupi lake pali mafuta onyowa amene agwira fumbi, shokoyo yatha. Kanikizani kona ya galimoto mwamphamvu n'kuisiya: iyenera kukwera kamodzi n'kukhazikika, osati kumangovina. Shoko yakufa imadya tayala mwa zigambazigamba, ndipo galimoto imatenga mtunda wautali kuti iime mukaponda buleki pamsewu wa mabampu. Posintha, sinthani onse awiri, kumanzere ndi kumanja.

Apa ndinene zoona, ngakhale sizikoma kumva. Sienta inapangidwa kuti inyamule anthu 7, ndipo zambiri zimene timagula kuno zimabwera zitayenda kale zaka ku Japan, n'kudutsa pa Dar es Salaam ndi pa Songwe. Tikamaonjezera anthu, matumba a chinangwa ndi mabasiketi a usipa kumbuyo, masipuling'i amafooka, galimoto imakhala pansi, ndipo kaimidwe ka matayala kamasintha. Palibe makina amene angakonze zimenezo. Dziwaninso kuti pa magalimoto ang'onoang'ono ngati awa, kawirikawiri chimene chimasinthika mosavuta ndi toe yakutsogolo basi. Camber ikapezeka kuti yachoka kwambiri, ndiye kuti china chake chinapindika, mwina shoko kapena control arm, ndipo mankhwala ake n'kusintha chitsulocho.

Za kukokera kumanzere, musathamangire ku galaja musanayeze mpweya. Tayala limodzi likakhala lophwa pang'ono, galimoto imakokera komweko. Mulingo woyenera walembedwa pa kapepala komatidwa pa felemu ya chitseko cha dalaivala, ndipo muyeze m'mawa matayala asanatenthe. Kumbukiraninso kuti timayenda kumanzere, ndipo msewu amaumanga motsetsereka pang'ono kuti madzi azipita m'ngalande, choncho kukokera pang'onopang'ono kumanzere si matenda. Ngati ikukoka mwamphamvu, sinthanitsani matayala awiri akutsogolo. Ikayamba kukokera kumanja, vuto ndi tayala lenilenilo. Ikapitiriza kumanzere, imani mutayenda kamtunda, muyandikitse dzanja pa malimu onse awiri osawakhudza. Limodzi likatentha kwambiri kuposa linzake, buleki ya mbali imeneyo ikugwira yokha osasiya.

Kunjenjemera kwa pa 90 kuja si nkhani ya alignment. Kumeneko ndi balancing, tizitsulo tating'ono timene amamata pa limu kuti tayala lizizungulira mofanana, apo ayi limu linapindika pa dzenje. Matope ouma mkati mwa limu, ngati amene timatenga m'misewu ya ku Mchengautuwa nthawi ya dzinja, nawonso amanjenjemeretsa chiwongolero. Tsukani kaye musanalipire aliyense.

Ndiye mukapita ku galaja, Bambo, muwauze ayambe aikweza n'kugwedeza zonse inu mukuona. Chotha chisinthidwe. Matayala amene waya waonekera achoke lero lomwe, ndipo ngati mukugula a kaunjika yang'anani manambala anayi a m'mbali mwake: 2319 akutanthauza sabata ya 23 ya chaka cha 2019. Kenako balancing, ndipo alignment ibwere pomalizira penipeni. Apempheni akuonetseni manambala a poyamba ndi a pambuyo, muwajambule pa foni. Mukatuluka, chiwongolero chikhale chowongoka pamene galimoto ikuyenda molunjika. Chikakhala chopendekeka, bwererani nthawi yomweyo akakonze. Mukatero mundilembere, munditumizire chithunzi cha manambalawo ndi cha tayala lakale lija, ndione ngati camber ya kumanzere ili m'malo mwake.