Funsani Amisiri: Paipi ya Utsi ndi Bokosi la Magetsi

Mafunso a mwezi uno ndi okhudza furnace, makina a gasi otenthetsera nyumba m'madera ozizira, komanso bokosi logawa magetsi. Miyezo yomwe tatchulayi ndi ya malamulo a zomangamanga a ku United States. Ngati buku la makina anu kapena malamulo a kwanuko akunena zosiyana, tsatirani zimenezo.

FUNSO: Tangoikitsa furnace yatsopano, koma pamalo olumikizira paipi yachitsulo yotulutsa utsi payamba kuoneka mizere ya dzimbiri ndi zoyerayera ngati mchere. Anatiikirayo akuti zimatero basi. Kodi n'zoona?

YANKHO: Mayi, musavomere msanga. Gasi akamayaka amatulutsa nthunzi yambiri, ndipo nthunziyo imayenera kufika panja idakali yotentha. Ikazizirira m'paipi imasanduka madzi okhala ndi asidi, madziwo n'kumadontha polumikizira ndi kudya chitsulo. Mizere mukuionayo ndi umboni wakuti utsi ukuchedwa kutuluka.

Makina atazimitsidwa ndipo paipi itazizira, tengani levulo, tepi yoyezera ndi tochi. Chigawo chogona cha paipi chiyenera kukwera popita ku chumuni, pafupifupi masentimita 2 pa mita iliyonse. Chikakhala chathyathyathya kapena chikatsetsereka ngakhale pamalo amodzi, utsi umaima pomwepo. Onaninso utali wake: paipi yogona yotalika kwambiri, makona ochuluka, kapena chumuni chachikulu kuposa makinawo, zonsezi zimaziziritsa utsi usanafike kudenga.

Polumikizira paliponse pa paipi yachitsulo ya chigawo chimodzi pamangidwe ndi screw, ndipo amisiri ambiri amaika zitatu kuzungulira. Tepi yomata yokha si chomangira, imauma ndi kutentha n'kumatuka. Paipi yotereyi italikirane ndi matabwa ndi masentimita 15, ndipo isadutse m'siling'i kapena pakati pa denga. Kumeneko kumafunika paipi ya zigawo ziwiri, china mkati mwa chinzake, yotchedwa Type B, yomwe imafuna mpata wa masentimita 2.5. Mukaona thabwa loyandikana nayo litada ngati lawauka, zimitsani makinawo tsiku lomwelo.

Chimene chimatidetsa nkhawa kwambiri ndi utsi wobwerera m'nyumba, chifukwa umatha kubwera ndi carbon monoxide, mpweya wakupha wosaoneka komanso wosanunkha. Kuyesa kwake n'kotere: tsekani zitseko ndi mawindo onse, yatsani mafani a kukhitchini ndi kubafa ndi makina oumitsira zovala, kenako yatsani furnace ndi chotenthetsera madzi ngati zimagwiritsa ntchito chumuni chimodzi. Pakatha mphindi 5, ikani kalilole kapena kamtengo ka lubani kofuka pakamwa pa chipewa chachitsulo chimene chili pamwamba pa chotenthetsera madzi. Utsi wa lubani uyenera kukokedwa kulowa m'paipi. Ukamakankhidwira kwa inu, kapena kalilole akachita nthunzi, zimitsani zonse, tsegulani mawindo, muitane mmisiri wina wovomerezeka adzayeze ndi chipangizo. Alamu ya carbon monoxide ikhale pafupi ndi zipinda zogona. Anthu angapo m'nyumba akamamva mutu, chizungulire ndi mseru, koma n'kumapeza bwino akatuluka panja, pitani kuchipatala osazengereza.

FUNSO: Furnace yanga imatulutsira utsi m'paipi yapulasitiki yoyera. Imayaka pang'ono n'kuzima yokha, ndipo m'paipimo mumamveka madzi kubwata. Vuto n'chiyani?

YANKHO: Bambo, yanuyo ndi ya mtundu wosawononga gasi, womwe umasandutsa 90 peresenti kapena kuposerapo ya mphamvu ya gasi kukhala kutentha. Utsi wake umatuluka wofunda chabe, n'chifukwa chake amaika pulasitiki, ndipo madzi m'paipimo ndi oyembekezeka. Chofunika n'chakuti azitsikira ku makina, komwe kuli kapaipi kowatayira. Choncho paipi yonse ikwere kuchokera pa makina kupita panja, masentimita 2 omwe aja pa mita.

Kawirikawiri oika amaumira zomangirira, paipi n'kuchita mimba pakati. Madzi amadikha pamenepo, njira ya utsi imachepa, ndipo siwichi yoyeza kuthamanga kwa mpweya imazimitsa moto. Siwichiyo ikugwira ntchito yake, ndipo aliyense amene angakuuzeni kuti ailambalale ndi kawaya musamulolenso kukhudza makinawo. Yang'anani paipi motsatira utali wake muone pamene yagwa, onani ngati kapaipi kotaya madzi sikanatsekeke ndi zinyalala, ndiponso ngati zolumikizira zonse zinamatidwa ndi guluu wake, osati kungolowetsana. Kunja, kamwa la paipi likhale masentimita 30 pamwamba pa nthaka kapena pamwamba pa pomwe chipale chofewa chimafika, ndipo lisapumire m'paipi yokoka mpweya wabwino.

FUNSO: Tikufuna kugula nyumba yakale. Kodi ndingatsegule ndekha bokosi la magetsi kuti ndione ngati analumikiza bwino?

YANKHO: Kachitseko kakunja tsegulani, koma chivundikiro chomangidwa ndi screw chisiyireni wamagetsi wa chiphaso. Ngakhale mutazimitsa breaker yaikulu (breaker ndi siwichi yomwe imadula yokha magetsi akachuluka), mawaya ochokera ku mita amakhalabe ndi moto.

Pali zambiri zomwe mungaone chivundikirocho chili chotseka. Kutsogolo kwa bokosi kukhale malo opanda katundu, masentimita 76 m'lifupi ndi 91 kuchokera pabokosi. Pasakhale kabowo kosatsekedwa pamzere wa ma breaker pomwe chala cha mwana chingalowe. Breaker iliyonse ikhale yolembedwa mbali ya nyumba yomwe imadyetsa. Dzimbiri, fungo la pulasitiki wopsa, kulira kwa zzz, kapena breaker yotentha mukaigunda ndi kuseri kwa dzanja, zonsezi n'zizindikiro zoipa. Dinani batani loyesera pa chotetezera anthu ku shoko, chotchedwa GFCI kapena RCD. Chikapanda kudula magetsi nthawi yomweyo ndiye kuti n'chakufa.

Wamagetsi akachotsa chivundikiro, imani chapatali mumupemphe akuonetseni zinthu izi. Choyamba, kukula kwa waya kugwirizane ndi breaker yake. Pa waya wakopa, nambala 14 AWG (muyezo wa ku America wa kunenepa kwa waya) ndi wa breaker ya ma amp 15 (15A), nambala 12 ndi wa 20A, nambala 10 ndi wa 30A. Breaker ntchito yake ndi kuteteza waya, ndiye munthu akatopa ndi kugwagwa kwake n'kuikapo yaikulu, waya amatentha m'khoma breaker ili chete. Moto wa nyumba zambiri umayamba motero. Chachiwiri, mawaya awiri opanikizidwa pa screw imodzi ya breaker yopangidwira waya mmodzi: wina amakhala wokhwepa, amathetheka n'kuwaula pulasitiki. Zimenezi zimachitikanso pa mawaya a neutral (obwezera magetsi), omwe aliyense ayenera kukhala ndi bowo lakelake.

Cholakwa chomwe ngakhale amisiri ena amachiphonya chili m'bokosi lachiwiri, monga la m'galaja. Neutral ndi earth (waya woteteza wopita ku nthaka) zimalumikizidwa pamalo amodzi okha, pabokosi lalikulu. Zikaphatikizidwanso m'bokosi laling'ono, magetsi obwerera amayenda m'waya wa earth ndi m'zitsulo zomwe anthu amagwira tsiku ndi tsiku. Aonenso kuti waya aliyense polowa m'bokosi ali ndi chomugwira chomuteteza ku mphepete yakuthwa ya chitsulo, ndiponso kuti screw za chivundikiro si zosongoka, poti zosongoka zimaboola waya. Nyumbayo ikakhala ya ku North America yomangidwa pakati pa 1965 ndi 1973, afufuze ngati mawaya ake si a aluminiyamu, omwe amakhwepa polumikizira. Zonse zimene wapeza alembe papepala, ndi mtengo wokonzera, musanasaine zogula nyumbayo.